Bomba Silinafunse Citupa: Nkhani ya Alendo a ku Korea mu Hiroshima

Pa 6 Ogasiti, 1945, nthawi itangopitirira pang'ono 8 koloko m'mawa, ndeke ya nkhondo ya America inaponya bomba la atomu pa mzinda wa Hiroshima m'dziko la Japan. Patapita masiku atatu bomba lina linagwa pa mzinda wa Nagasaki. Pofika kumapeto kwa caka cimeneco anthu pafupi-fupi 140,000 anali atafa mu Hiroshima, ndipo ena oposa 70,000 mu Nagasaki.

Zimenezi ambiri a inu, awerengi athu, munazimva ku sukulu kapena pa wailesi. Cimene sicikambidwa kawiri-kawiri ndi cakuti pakati pa anthu amene anapsa ndi moto umenewo panali alendo zikwi zambiri ocokera ku Korea. Bomba linawatentha mofanana ndi eni dziko, koma pamene nthawi ya cithandizo inafika iwo anasiyidwa kunja. Amene anawamenyera nkhondo kufikira boma litasintha maganizo anali anthu wamba.

ANAFIKA BWANJI KU JAPAN?

Dziko la Korea linali m'manja mwa atsamunda a ku Japan kuyambira 1910 kufikira 1945. Alimi ambiri anataya minda yao, motero anaoloka nyanja kukafuna nchito m'mizinda ya Japan. Kuyambira 1939 boma linayamba kusonkhanitsa amuna a ku Korea kuti akagwire nchito m'migodi ya malasha ndi m'mafakitale a zida za nkhondo, ndipo ambiri anatengedwa mokakamiza, monga mwa cibalo. Pofika 1945 mu Japan munali anthu a ku Korea pafupi-fupi 2 miliyoni.

Mu Hiroshima ambiri anali ocokera ku dera la alimi lochedwa Hapcheon. Bungwe la anthu a ku Korea opulumuka ku bomba, limene linayamba mu 1967, linayerekeza kuti anthu a mtundu wao okwana 70,000 anali m'mizinda iwiriyo, kuti 40,000 anafa, ndi kuti 23,000 anabwerera kwao nkhondo itatha.

Bomba la atomu silipha ndi moto wokha ai. Limatulutsanso mphamvu yosaoneka ndi maso imene imalowa m'thupi ndi kuononga magazi. Munthu amene waoneka ngati wapulumuka angathe kudwala khansa kapena kufooka thupi patapita zaka zambiri. Ndico cifukwa cace opulumukawo anafunika madotolo odziwa matenda amenewa kwa moyo wao wonse.

ANAIWALIKA MBALI ZONSE

Mu 1952 boma la Japan linalengeza kuti anthu a ku Korea salinso nzika zace. Mu 1957 linapanga lamulo lopatsa opulumuka ku bomba kabuku kolandirira mankhwala aulere, ndipo mu 1968 linaonjeza lamulo la ndalama zowathandiza. Koma amene anabwerera ku Korea sanalandire kanthu. Pamene maboma a Japan ndi South Korea anagwirizana mu 1965, Japan inati nkhani zonse za malipiro a nthawi ya utsamunda zathera pomwepo.

Kwaonso sanapeze mpumulo. Nkhondo ya ku Korea ya 1950 mpaka 1953 inasiya umphawi woopsa, ndipo ambiri anabisa za matenda ao poopa kuti ana ao sadzapeza banja.

MLANDU WA BAMBO SON JIN-DOO

Mu Disembala 1970 bambo wina dzina lace Son Jin-doo anaoloka nyanja mobisa pa bwato nafika ku gombe la cigawo ca Saga. Iye anabadwira mu Japan mu 1927, anali mu Hiroshima tsiku la bomba, ndipo mu 1951 anathamangitsidwira ku Korea cifukwa ca malamulo a kalembera wa alendo. Atagwidwa ndi apolisi ananena kuti wabwera kudzafuna mankhwala a matenda a bomba. Anaweruzidwa kukhala m'ndende cifukwa colowa m'dziko popanda cilolezo.

Pamaso pa boma iye anali wolakwira malamulo cabe. Koma anthu ena a ku Japan anaiona nkhaniyo mosiyana. Mu Hiroshima, mu Fukuoka ndi m'mizinda ina anapanga timagulu tomuthandiza. Anasonkha ndalama, anamfunira maloya, anamcezera, nafalitsa nkhani yace kwa anthu. Mmodzi wa iwo anali mtolankhani wa nyuzipepala ya Chugoku Shimbun, a Takashi Hiraoka, amene mu 1965 anapita ku Korea kukalemba za opulumuka oiwalikawo. Mu 1971 ku Osaka kunayambanso bungwe la anthu wamba lothandiza opulumuka a ku South Korea.

A Son anapempha kabuku ka mankhwala ku boma la cigawo ca Fukuoka, koma akuluakulu anakana, nati lamulo ndi la anthu okhazikika m'dziko okha. Mu 1972 nkhani inalowa m'khoti. A Son anapambana mu 1974, boma linacita apilo, iwo napambananso mu 1975. Potsiriza, pa 30 Malichi, 1978, khoti lalikulu koposa la Japan linagamula kuti kabukuko aperekedwe. Oweruza anati tsoka la bomba linadza cifukwa ca nkhondo imene boma linacita, cotero boma liri ndi udindo wosamalira wopulumuka ali yense amene ali m'dzikomo, ngakhale amene analowa mozemba.

KALATA NAMBALA 402

Nkhondo sinathere pamenepo. Mu 1974, mlandu wa a Son uli mkati, unduna wa za umoyo unatulutsa kalata yodziwika ndi nambala 402. Kalatayo inati munthu akangoturuka mu Japan, ndalama zace za cithandizo zatha. Motero nkhalamba yodwala ya ku Hapcheon inayenera kusankha pakati pa kukhala kwao popanda cithandizo ndi kukhala ku dziko la eni kutali ndi ana ace.

Mu 1998 a Kwak Kwi-hoon, amene anali msilikali wolembedwa mokakamiza mu Hiroshima, anasumira boma ku Osaka mothandizidwa ndi magulu a anthu wamba aja. Mfundo yao inali yapafupi: wopulumuka ku bomba ali wopulumuka ndithu kuli konse kumene akhala. Anapambana mu 2001 ndiponso mu Disembala 2002, ndipo mu 2003 kalata ija inafafanizidwa. Mu 2007 khoti lalikulu linagamula kuti kalatayo inali yosemphana ndi lamulo, ndipo mu 2015 linalamula kuti ndalama za ku cipatala zilipiridwe kwa opulumuka okhala kunja kwa Japan. Cigamulo cotsirizaci cinadza patapita zaka 70 cigwere bomba, ambiri atagona kale kumanda. Opulumuka amene anapita ku North Korea sanafikidwe ndi cithandizo cimeneci popeza maiko awiriwo alibe ubale wa ukazembe.

CIPILALA CA KUTSIDYA KWA MTSINJE

Ngakhale akufa anayamba asiyidwa kunja. Mu 1970 anthu a ku Korea okhala mu Hiroshima anamanga cipilala cokumbukira abale ao. Cinaima pa mwala wosemedwa ngati fulu, kutsidya kwa mtsinje, kunja kwa bwalo lalikulu la cikumbutso ca mtendere. Kwa zaka zambiri anthu anadandaula kuti tsankho lawatsata mpaka kumanda. Mtolankhani uja, a Hiraoka, anadzakhala meya wa Hiroshima kuyambira 1991 mpaka 1999, ndipo ndi iwo anavomereza kuti cipilalaco cisamutsidwe. Cinalowa m'bwalo la mtendere mu Julayi 1999. Mu Meyi 2023 nduna yaikulu ya Japan, a Fumio Kishida, ndi pulezidenti wa South Korea, a Yoon Suk Yeol, anakaikapo maluwa pamodzi, cinthu cimene atsogoleri a maiko awiriwo anali asanacitepo.

KUTHETSA MABOMBA ONSE

Anthu amene anamenyera alendowa cithandizo sanalekere pa mankhwala. Anaona kuti palibe cipatala cimene cingakwanitse kucilitsa mzinda wonse wotenthedwa m'kanthawi kocepa, motero mankhwala eni-eni ndiwo kucotseratu zida zotere. Bungwe la opulumuka la ku Japan lochedwa Nihon Hidankyo, limene linayamba mu 1956, linatumiza mboni m'masukulu, m'misonkhano ndi ku United Nations kukanena zimene maso ao anaona. Pa 7 Julayi, 2017, maiko 122 anavomereza pangano loletsa zida za nyukiliya, ndipo linayamba kugwira nchito pa 22 Januwale, 2021. Mu 2024 bungwe la Nihon Hidankyo linalandira mphotho ya mtendere ya Nobel.

Komabe nchito ikali yaikulu. Kumayambiriro kwa 2025 maiko 9 anali ndi mabomba oposa 12,000, ambiri a iwo ali m'manja mwa Russia ndi America. Maiko onsewo anali asanasaine panganolo, ndipo Japan yomwe inali isanasaine.

Wina angafunse kuti nanga ife a kuno ku Zambia zitikhudza bwanji. Mbali yaikulu ya mwala wa yureniyamu umene America inagwiritsa nchito popanga mabomba oyambawo inakumbidwa ndi anthu akuda pa mgodi wa Shinkolobwe, kufupi ndi Likasi m'cigawo ca Katanga, kutsidya kwa malire athu a ku Copperbelt. Ndiponso Afirika anasankha njira yace: South Africa inaphwasula mabomba ace 6 ndi kulengeza zimenezi mu 1993, ndipo pangano la Pelindaba la 1996 linaletsa zida za nyukiliya mu Afirika yense.

Midzi yathu yambiri inatumizapo ana ace ku migodi ya ku Joni ndi ku mapulazi a ku Southern Rhodesia, ndipo tidziwa mmene mlendo amafunidwira pamene ali ndi mphamvu ndi kuiwalika akadwala. Tinalandiranso abale othawa nkhondo ya ku Mozambique. Akuluakulu anati caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Anthu wamba a ku Fukuoka ndi ku Osaka analibe udindo m'boma, koma anakana kuti munthu wodwala ayesedwe ndi citupa cace, ndipo anapirira zaka zoposa 40 m'makhoti kufikira malamulo atasintha.