Chidindo cha buluu: kodi tikulima m'munda wa yani?

Kalata ya mfumu ikakhala yopanda chidindo, kubanki kapena kuofesi ya boma saiwerengera. Chidindo ndicho chimatsimikiza kuti mawu alembedwawo ndi a mwini mudzi, osati a munthu wongodzilembera. Masiku ano chidindo cha mtundu wina chafala pa mafoni athu a m'manja. Ichi ndi kachizindikiro kochonga ka buluu komwe kamaoneka pambali pa dzina la munthu kapena bungwe pa Facebook, Instagram, WhatsApp ndi X, komwe ambiri amangokatchula kuti blue tick.

Amalawi ogwira ntchito m'minda ya mpesa ku Stellenbosch ndi Paarl, osamalira maluwa m'makomo a ku Hout Bay, ngakhalenso alimi ndi alangizi kumudzi, akaona chidindochi mtima umakhala pansi. Amakhulupirira kuti uthenga wa ntchito, wa mbewu kapena wa ndalama womwe uli patsambalo ndi woona. Koma kodi amadinda chidindochi ndani? Amaona chiyani asanadinde? Nanga akafuna kuchifufuta, tingakadandaule kwa yani?

Chiyambi chake

Kampani ya Twitter ndiyo idayambitsa chidindochi mu Juni 2009. Nthawi imeneyo atambwali ankatsegula masamba m'maina a anthu otchuka n'kumalemba zinthu zowanyazitsa. Mmodzi mwa okhudzidwa, Tony La Russa, mphunzitsi wa timu ya baseball ku America, adaisumira kampaniyi kukhoti. Posakhalitsa Twitter idayamba kufufuza anthu otchuka ndi kuika chizindikiro pamasamba awo enieni. Facebook idatsatira mu 2013 ndipo Instagram mu 2014.

Kwa zaka zoposa khumi chidindochi chinali chaulere, koma sichinali cha aliyense. Kampani yokha ndiyo inkasankha woyenera kuchilandira, ndipo muyeso waukulu unali kutchuka. Nduna, woyimba kapena mtolankhani wa nyuzipepala yaikulu ankachipeza mosavuta. Wailesi ya m'dera, kalabu ya alimi kapena gulu lothandizana pamaliro la Amalawi a ku Masiphumelele linalibe poyambira, ngakhale kuti anthu ake amalidalira kuposa munthu aliyense wotchuka. Komabe tanthauzo lake linkamveka: mwini tsambali wafufuzidwa, ndi yemweyo.

Chidindo chilowa mumsika

Zinthu zidatembenuka mu Okutobala 2022 pomwe Elon Musk, mpondamatiki wobadwira ku Pretoria, adagula Twitter pamtengo wa $44 biliyoni. Mwezi wotsatira kampaniyi idayamba kugulitsa chidindo cha buluu kwa aliyense wolipira pafupifupi $8 pamwezi. Zotsatira zake sizidachedwe. Pa 10 Novembala 2022 munthu wina adagula chidindo, nadzitcha dzina la Eli Lilly, kampani yopanga mankhwala ku America, n'kulengeza kuti mankhwala a insulin a matenda a shuga tsopano ndi aulere. Anthu zikwizikwi adaufalitsa uthengawo. Kampani yeniyeniyo idachita kutsutsa poyera, ndipo mtengo wa masheya ake udatsika. Twitter idayamba yaimitsa malondawo, koma idawayambiranso mu Disembala.

Mu Epulo 2023 kampaniyi, yomwe idasintha dzina kukhala X mu Julayi chaka chomwecho, idafufuta zidindo zakale pamasamba a atolankhani, mabungwe ndi atsogoleri ambiri omwe sadalipire. Munthu woona adatsala wopanda chidindo, pomwe wabodza wokhala ndi ndalama adali nacho. Kuonjezera apo, ndemanga za olipira zimaikidwa pamwamba pa za anzawo, kutanthauza kuti ndalama imagula ngakhale mwayi womveka.

Kampani ya Meta, mwini wa Facebook, Instagram ndi WhatsApp, nayo idayamba kugulitsa chidindo mu Febuluwale 2023, kuyambira ku Australia ndi New Zealand, pamtengo wa $11.99 pamwezi pa kompyuta ndi $14.99 pa foni. Iyo imafuna kuti wogula aonetse chitupa cha boma chokhala ndi dzina ndi chithunzi chake. Mwa zina zomwe wolipira amalonjezedwa ndi chitetezo kwa anthu oba dzina lake komanso mwayi wothandizidwa ndi munthu weniweni wa kukampani zinthu zikavuta. Tionetsetse bwino pamenepa: chitetezo chomwe aliyense akadayenera kukhala nacho chasanduka katundu wogula mwezi ndi mwezi.

Choncho lero chidindo cha buluu chingatanthauze kuti mwini tsamba adalipira, kapena kuti adaonetsa chitupa, kapena kuti ndi wotchuka. Palibe pomwe chimatanthauza kuti zomwe akunena ndi zoona, kuti mbewu akugulitsazo zidzamera, kapena kuti ntchito akulengezayo ilipodi. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Utenanti wa pa intaneti

Nkhani ya chidindo ikungotionetsa mbali imodzi ya chinthu chachikulu, chomwe ndi mphamvu ya makampaniwa pa ife owagwiritsa ntchito. Alimi a ku Kasungu ndi Mchinji amaudziwa bwino utenanti wa m'maesiteti a fodya. Tenanti amalima, amathirira, amakolola, koma munda, sikelo ndi buku la ngongole zili m'manja mwa mwini esiteti. Pa masamba a mchezo zilinso chimodzimodzi. Ife ndife timalemba, timajambula, timaitana anzathu, koma malamulo amalemba ndi mwini munda, ndipo amawasintha tsiku lomwe wafuna osatifunsa.

Zitsanzo zilipo pafupi. Mu 2005 Herman Heunis adayambitsa Mxit ku Stellenbosch, mtunda wosakwana ola limodzi pagalimoto kuchokera ku Cape Town. Achinyamata mamiliyoni ankacheza pamenepo, ndipo mabungwe ankaphunzitsirapo masamu ndi kupereka uphungu. WhatsApp itafala, Mxit idalengeza mu 2015 kuti ikutseka malonda ake. Onse omwe adamanga ntchito yawo pamenepo adayambiranso kwina.

Chitsanzo china ndi cha GovChat, njira yomwe anthu a ku South Africa ankalumikizirana ndi boma kudzera pa WhatsApp. M'nthawi ya mliri wa Covid-19, anthu mamiliyoni adaigwiritsa ntchito pofunsira thandizo la R350 pamwezi ku bungwe la SASSA. Mu 2020 eni WhatsApp adaopseza kuti aichotsa GovChat ponena kuti ikuphwanya malamulo awo. Nkhaniyi idakafika ku bwalo la Competition Tribunal, lomwe mu Malichi 2021 lidalamula kuti asaichotse kaye. Mu Malichi 2022 bungwe la Competition Commission lidaimba mlandu kampani ya Meta wogwiritsa ntchito ukulu wake molakwika, ndipo lidapempha chindapusa cha 10 peresenti ya ndalama zomwe kampaniyo imapeza. Meta idakana mlanduwo. Phunziro kwa ife ndi ili: ngati njira yotumikira boma idafunika maloya ndi bwalo la milandu kuti isathamangitsidwe, nanga kagulu ka amayi 30 a banki m'khonde kangalimbe bwanji?

Mphamvuyi imaonekanso mwakachetechete. Mu Januwale 2018 Facebook idalengeza kuti uthenga wa masamba a mabungwe ndi makampani uzioneka pang'ono poyerekeza ndi wa abale ndi abwenzi. Bungwe lomwe lidasonkhanitsa otsatira kwa zaka lidazindikira kuti uthenga wake sukufikanso kwa ambiri pokhapokha litalipira. Ndipo pa 4 Okutobala 2021 Facebook, Instagram ndi WhatsApp zidazima padziko lonse kwa maola pafupifupi 6. Aliyense wogulitsa ndiwo zamasamba, nsomba kapena zovala kudzera pa foni adangokhala manja lende.

Momwe zikukhudzira Amalawi a ku Cape Town

Kwa Mmalawi wokhala ku Imizamo Yethu, Dunoon, Capricorn kapena Philippi, foni si ya macheza okha. Maganyu amapezeka pa Facebook. Uthenga wa maliro, chopereka chotumizira thupi kumudzi, dzina la dalaivala wonyamula katundu kupita ku Mangochi kapena Mzimba, zonse zimayenda m'magulu a WhatsApp. Ndalama za feteleza zimadutsa m'makampani monga Mukuru ndi Mama Money, omwe likulu lawo lili mumzinda womwewu, n'kukafika pa Airtel Money kapena TNM Mpamba.

Pomwe pali ndalama ndi chikhulupiriro, akathyali sasowa. Amatsegula tsamba lofanana ndi la kampani yodziwika, la ofesi ya kazembe kapena la bungwe lothandiza anthu obwera, n'kumalonjeza ntchito, mapepala okhalira m'dziko kapena ngongole, bola munthu atumize kaye kandalama kolembetsera. Ena sagula n'komwe chidindo, amangojambula kachizindikiro kochonga m'kati mwa chithunzi cha tsamba lawo. Pa foni yaing'ono yong'aluka galasi, kusiyana kwake n'kovuta kukuona. Ndipo wobedwa yemwe mapepala ake adatha nthawi amaopa kupita kupolisi, zomwe mbavazo zimazidziwa bwino.

Mbali inayo ndi yakuti magulu enieni a anthu wamba ndiwo amavutika kupeza chidindo. Komiti ya maliro kapena kalabu ya alimi nthawi zambiri ilibe kalata ya kulembetsa kuboma, ilibe khadi la kubanki lolipirira pa intaneti, ndipo ndalama ya mwezi ndi mwezi ingagule mbewu kapena kulipira thiransipoti ya mlangizi. Tsamba likabedwa kapena kutsekedwa, palibe ofesi yomwe mlembi angapite kukagogoda. Amangodzaza fomu pa foni n'kumadikira, pomwe maina, zithunzi ndi mbiri ya ntchito ya zaka zambiri zatsekeredwa m'katimo.

Kodi malamulo akuti chiyani?

Maboma ayamba kudzuka. Mu Julayi 2024 bungwe la European Commission lidapeza kuti chidindo chogulitsidwa cha X chimasocheretsa anthu, ndipo mu Disembala 2025 lidalipiritsa kampaniyo chindapusa cha €120 miliyoni pa nkhaniyi ndi zina. Ku South Africa lamulo la POPIA, loteteza mbiri ya munthu, lidayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 Julayi 2021, ndipo chaka chomwecho bungwe la Information Regulator lidatsutsa malamulo atsopano a WhatsApp okhudza kugawana mbiri ya anthu ndi Facebook. Ku Malawi kuli lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 ndi la Data Protection la 2024, ndipo madandaulo angapite ku MACRA.

Malamulowa ndi ofunika, koma milandu yake imatenga zaka, pomwe mlimi wobedwa ndalama ya feteleza mu Novembala sangadikire mvula ya chaka china. Chitetezo choyamba chili m'manja mwathu.

Zoyenera kuchita magulu ndi alangizi

1. Phunzitsani mamembala kuti chidindo chenicheni chimakhala pambali pa dzina, osati m'kati mwa chithunzi, komanso kuti ngakhale chenichenicho si umboni wa chilungamo.

2. Musanatumize ndalama, tsimikizani kudzera m'njira ina. Imbani nambala yomwe mudaidziwa kale, pitani kuofesi, kapena funsani mlangizi wa zaulimi. Pa nkhani za mapepala, mabungwe monga Scalabrini Centre ku Cape Town ali ndi maofesi omwe munthu angafikeko ndi miyendo. Masamba a boma amathera ndi gov.za ku South Africa ndi gov.mw ku Malawi. Safunsa adadya phula.

3. Sungani kaundula wa mamembala, manambala awo ndi ndalama za gulu m'buku la pamanja, ndipo zithunzi ndi malipoti zikhalenso pa kompyuta kapena pa memori khadi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

4. Tsamba kapena gulu likhale ndi oyang'anira awiri kapena atatu odalirika, kuti foni imodzi ikabedwa ntchito isaime.

5. Ikani nambala yachinsinsi yachiwiri pa WhatsApp ndi Facebook. Nambala ya manambala 6 yomwe imabwera pa SMS musaipereke kwa wina aliyense, ngakhale wodzitcha wa kukampani.

6. Gwirizanani pamsonkhano njira ina yofalitsira uthenga tsiku lomwe intaneti idzazime, monga SMS, wailesi ya m'dera, kutchalitchi, kumzikiti kapena kwa amfumu.

7. Bungwe lisanagule chidindo liwerengere mtengo wa chaka chonse, ndipo lidziwe kuti likadzasiya kulipira chidindocho chidzachoka.

Masamba a mchezo atithandiza kwambiri. Afupikitsa mtunda pakati pa Cape Town ndi kumudzi, womwe makolo athu a nthawi ya Wenela ndi TEBA ankaudutsa ndi kalata yoyenda masabata. Palibe chifukwa chowathawira. Chofunika n'kuwagwiritsa ntchito monga momwe mlimi wanzeru amachitira ndi dimba lobwereka: amalimamo ndithu, koma nkhokwe amamanga pakhomo pake. Mbiri yabwino ya gulu imachokera kwa anthu omwe adaona ndalama zawo zikusungidwa bwino ndi malonjezo akukwaniritsidwa. Imeneyo palibe kampani ingaigulitse pamwezi, ndipo palibe ingaifufute.