Lamya Yothandiza Kuti Mankhwala Asathe Kumudzi

Mwana akatentha thupi, mai ake amathamangira naye kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi, amene amathandiza ana osakwana zaka 5 odwala malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba. Koma ulendo wotere ngwachabe ngati m'bokosi la mlangiziyo mulibe mankhwala.

Kale mlangizi ankalemba pa pepala mankhwala amene atsala, napita nalo yekha kuchipatala. Nthawi zina, atapalasa njinga mtunda wautali, ankabwerako chimanjamanja.

M'chaka cha 2011 Unduna wa Zaumoyo, mothandizana ndi bungwe la JSI, unayamba kuyesa njira yotchedwa cStock m'maboma 6, ndipo limodzi mwa mabomawo linali la Mulanje. Mwezi uliwonse mlangizi ankatumiza uthenga wachidule pa lamya ya m'manja wonena kuchuluka kwa mankhwala amene wamtsalira, monga LA wa malungo ndi Thanzi wa kutsegula m'mimba. Kompyuta inkawerengera mankhwala oti awonjezeredwe ndi kudziwitsa achipatala. Iwo akatha kulongedza, mlangizi ankalandira uthenga womuitana kukatenga. Motero sankayendanso mongoyerekeza, ndipo akuluakulu a zaumoyo kuboma ankaona msanga kumene mankhwala ali pafupi kutha. Pambuyo pake njirayi inafalikira m'maboma ena.

Komabe lamya siichiritsa mwana. Mankhwala angakhalepo, koma sathandiza wodwala amene wagonekedwa kunyumba. Nchifukwa chake makolo ayenera kupita naye mwana kwa mlangizi tsiku lomwelo limene wayamba kudwala.