Ndele za Pamwala Zipirira Bwanji Dzuwa?

Kumapeto kwa cilimwe, pamene anthu a Mfumu Nkomeshya Mukamambo II amasonkhana pa mwambo wa Chakwela Makumbi kupempha mvula, miyala ya ku Chongwe imatentha kwakuti mwana wopanda nsapato sangapondepo. Koma pamiyala yomweyo, ndi pamakungwa a mitengo ya m'thengo, pali timawanga totuwa ndi tacikasu. Ambiri a ife timati ndi litsiro cabe. Iai, ndi zamoyo: ndele za pamwala.

Mu 1867 Simon Schwendener wa ku Switzerland anaulula kuti ndele yotere ndi zamoyo ziwiri m'nyumba imodzi. Pali bowa amene amamanga denga, ndipo pansi pace pali tizomera tosaoneka ndi maso, timene timapanga cakudya ca onse awiri ndi kuwala kwa dzuwa.

Abale a ndele zathuzi ali ku Antarctica, dziko la madzi oundana kum'mwera kwenikweni. Kumeneko zomera zamaluwa zili mitundu iwiri yokha, koma ndele zili mitundu mazanamazana. Wina angati kozizira dzuwa silivuta. Komatu m'Disembala mbali zambiri sililowa konse, cipale coyera cimabweza kuwala ngati kalilole, ndipo mu 1985 akatswiri analengeza kuti mpweya wa ozoni, umene umaticinjiriza ku ceza coopsa, unapyapyala pamwamba pa dzikolo.

Citetezo coyamba ndi utoto. Ndele yofiirira yochedwa Xanthoria elegans ili ndi mankhwala a parietin padenga pace, amene amameza ceza coocha cisanafike pa tizomera tija. Zina zimangoda bii.

Caciwiri ndico catidabwitsa koposa: kuuma. Madzi akasowa, ndele imauma gwa, denga lace silipyoza kuwala kwambiri, nchito yonse imaima, koma osafa. Mu 2005 ndele zouma zinatumizidwa m'mlengalenga, zinakhala padzuwa lopanda cochinga pafupifupi milungu iwiri, ndipo zinabwerako zamoyo.

Moyo wotere ulibe cangu. Ndele ya Buellia frigida imakula pafupifupi sentimita imodzi pa zaka 1,000. Zathu zimakula msanga kuposa apo, komabe mtengo ukagwetsedwa kuti uochedwe makala opita ku Lusaka, ndele za zaka zambiri zimapsera kumodzi tsiku limodzi.

Mvula yoyamba ikagwa, tengani ana mukaone pamwala. Timawanga tina totuwa tija timabiriwira mphindi zowerengeka.