Masamu a madzi a ku Kariba ndi mdima wa ku Waterfalls

Dzina loti Waterfalls limatanthauza mathithi, koma mlendo amene wafika m'dera limeneli, kumwera kwa mzinda wa Harare, adzangoona nyumba, mashopu a pa Zindoga ndi galimoto zothithikana mu msewu wa Simon Mazorodze. Madzi amene amalamulira moyo wa anthu a kuno ali kutali, pa damu la Kariba, kumalire a Zimbabwe ndi Zambia. Madziwo akachepa, wowotcherera zitsulo amadzuka pakati pa usiku kudikira magetsi, mwini butchala amataya nyama, ndipo ana amawerenga ndi kandulo. M'chaka cha 2019 magetsi ankazima mpaka maola 18 pa tsiku.

Ambiri amangoti mvula sinagwe bwino. N'zoona, komabe pakati pa mvula ndi magetsi pali funso limene anthu ayenera kuliyankha chaka ndi chaka: titulutse madzi ochuluka bwanji lero, pamene sitikudziwa mvula ya mawa?

Mayi aliyense wosunga nkhokwe amalidziwa funso limeneli. Akatapa chimanga mowolowa manja mu June, ana adzagona ndi njala mu February. Akaumira kwambiri, banja lidzavutika pachabe, chimanga n'kufumbwa ndi anankafumbwe. Kariba ndi nkhokwe yotero. Khoma lake linamalizidwa mu 1959, ndipo bungwe la Zambezi River Authority, limene maiko awiriwa anakhazikitsa mu 1987, ndilo limagawa madzi kwa ZESCO ya ku Zambia ndi Zimbabwe Power Company. Ngakhale nyanjayo ndi yaikulu, madzi opangira magetsi ndi a pamwamba okha, a pakati pa mamita 475.50 ndi 488.50 kuyezera pa nyanja yamchere. Mamita 13 amenewa ndiwo chuma chonse, makyubiki mita pafupifupi 65 biliyoni. Kuwonjezera apo, madzi akamatsika mphamvu yake imachepa, motero kyubiki mita imodzi ya m'nyanja yophwa imapereka magetsi ochepa kuposa ya m'nyanja yodzaza.

Akatswiri a masamu akhala akulimbana ndi vuto lotere kwa zaka zoposa 70. Mu 1946 injiniya wa ku France, Pierre Massé, anasindikiza buku lofotokoza kasungidwe ka madzi m'madamu pamene zam'tsogolo sizikudziwika. Mu 1955 George Dantzig wa ku America anaonetsa mmene munthu angasankhire chochita m'magawo awiri: choyamba asanadziwe zimene zidzachitike, chachiwiri chokonza zinthu atadziwa. Nthambi imeneyi ya masamu imatchedwa stochastic programming. Mbale wake, optimal control, amafunsa mmene tingawongolere chinthu chosintha ndi nthawi, monga nyanja, potsegula kapena kutseka pang'onopang'ono. Pa nthambi iyi mayina odziwika ndi Lev Pontryagin wa ku Russia ndi Richard Bellman, amene buku lake la Dynamic Programming linatuluka mu 1957.

Nzeru ya Bellman ndi yoyambira kumapeto. Tiyerekeze kuti tili m'mwezi wotsiriza wa chaka. Pa mlingo uliwonse umene nyanja ingakhale, tingawerengere chochita chabwino koposa ndi mtengo wake. Tikatero tibwerere mwezi umodzi m'mbuyo, n'kufunsa chimodzimodzi, podziwa kale mtengo wa mlingo uliwonse umene tingausiyire mwezi wotsatira. Tikafika pa lero timakhala ndi nambala imodzi yofunika kwambiri: mtengo wa madzi osungidwa. Ngati kyubiki mita imodzi ingatipulumutse ku mavuto aakulu mu November kuposa phindu limene ingatipatse lero, isiyidwe m'nyanja, ndipo magetsi a lero apangidwe ndi malasha a ku Hwange kapena agulidwe kunja kudzera ku Southern African Power Pool, imene likulu lake lili mu Harare momwemo.

Chovuta ndi kuchuluka kwa njira zimene mtsinje ungatenge. Titati mwezi uliwonse madzi olowa angakhale ambiri, apakatikati kapena ochepa, pa miyezi 12 pali njira 531,441. Pa zaka ziwiri njirazo zimaposa 282 biliyoni. Tikawonjezapo Itezhi-Tezhi ndi Kafue Gorge ku Zambia, ndi Cahora Bassa ku Tete, amene amalandira madzi otuluka ku Kariba, ngakhale kompyuta yamphamvu imagwada. Mu 1991 akatswiri awiri a ku Brazil, Mario Pereira ndi Leontina Pinto, anafalitsa njira yozembera phiri limeneli, yotchedwa SDDP. M'malo moyesa njira zonse, kompyuta imatola zochepa mwamaere, imayenda nazo kutsogolo, kenaka imabwerera m'mbuyo ikukonza chiyerekezo chake cha mtengo wa madzi. Imabwereza ulendowu mpaka yankho litasiya kusintha kwenikweni. Dziko la Brazil, limene limadalira kwambiri madamu, lakhala likukonza ndondomeko ya magetsi ake ndi njira ya mtundu umenewu.

Ku Kariba, bungwe la Zambezi River Authority limayeza madzi a mtsinje m'malo monga Chavuma ndi Victoria Falls, ndipo limamvera ulosi wa nyengo wa akatswiri a m'chigawo cha SADC lisanalengeze gawo la chaka chotsatira. Lili ndi mwayi umodzi: mvula yogwa ku Angola ndi kumpoto chakumadzulo kwa Zambia imachedwa m'madambo a Barotse, motero imaoneka kumtunda milungu ingapo isanafike m'nyanja. Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma Zambezi amaimbako pang'ono.

Nanga bwanji mdima? Mu November 2022 bungweli linalembera Zimbabwe Power Company kuti yamaliza gawo lake la chakacho, pamene madzi ogwiritsa ntchito anali atatsika kufika pa maperesenti osakwana 5. Siteshoni ya Kariba South, yotha kupanga mamegawati 1,050, inatsala ikupanga pang'ono chabe. Apa masamu sanalakwe. Makina akale a ku Hwange ankawonongeka kawirikawiri, ndalama zakunja zogulira magetsi zinali zosowa, ndipo dzanja linkangobwerera ku nkhokwe yomwe ija. Kenaka chilala cha El Niño chinafika, ndipo gawo la 2024 linali makyubiki mita 16 biliyoni okha, theka ku dziko lililonse. Chaka chimenecho anthu a ku Lusaka ankakhala maola 21 pa tsiku opanda magetsi.

Pali chinthu china chimene kompyuta singasankhe yokha. Kuti iwerengere, munthu ayenera kuiuza mtengo wa ola limodzi la mdima. Mdima wa mgodi uli ndi mtengo wolembedwa m'mabuku, pamene wa mayi wogulitsa mafiriziti ku Waterfalls sulembedwa paliponse. Munthu yemweyo ayeneranso kunena ngati akufuna ndondomeko yotsika mtengo pa zaka zambiri, kapena yodula pang'ono koma yoteteza ku chaka choipitsitsa. M'kuona kwanga, yachiwiriyi ndiyo yoyenera dera limene chilala chafika mu 1992, 2016, 2019 ndi 2024.

Amalawi okhala ku Harare asaganize kuti nkhaniyi ndi ya eni dziko okha. Magetsi ambiri a ku Malawi amachokera ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje umodzi wa Shire, ndipo zitseko za Kamuzu Barrage ku Liwonde, zomangidwa mu 1965, zimayankha funso lomwe lija tsiku lililonse. Mbiri ya nyanja ya Malawi ikusonyeza kuti kuyambira cha m'ma 1915 mpaka m'zaka za m'ma 1930, madzi ake anatsika kotero kuti anasiya kutulukira mu Shire.