Chivomezi chikatha, imfa imatsalira mumsasa

Mu April 2016 nthaka inagwedezeka mwamphamvu kawiri m'masiku atatu ku Kumamoto, kummwera kwa Japan. Anthu amene anafa atagweredwa ndi nyumba kapena atakwiriridwa ndi dothi logumuka analipo 50. Koma boma litamaliza kuwerenga, m'kaundula wa imfa za chivomezicho munali mayina oposa 250. Oposa 200 enawo anatuluka m'nyumba zawo ali moyo, ambiri opanda ndi bala lomwe. Anadzafa patapita masiku, masabata, ena miyezi.

Ambiri anali okalamba. Ena ankagona m'galimoto poopa kuti denga liwagwera, pakuti nthaka inkanjenjemerabe usana ndi usiku. Munthu akachezera atapinda miyendo masiku angapo otsatizana, magazi m'mitsempha ya m'miyendo amayenda mwaulesi mpaka amaundana. Kachidutswa ka magazi oundanawo kakathothoka, kamayenda mpaka kukatseka mtsempha wa m'mapapo, ndipo munthu amangogwa potuluka m'galimoto mmawa. Vutoli limakula chifukwa anthu amadzimana madzi akumwa mwadala, poopa kupita kuchimbudzi chakutali, chauve kapena chopanda chitseko. Amene anathawira m'maholo a masewera a m'masukulu nawo sanapulumuke kwenikweni. Kugona pansi pomwe mazana a anthu akupondapo n'kupuma fumbi, ndipo chifuwa cha mmodzi chimasanduka chibayo cha ambiri. Magetsi osazima, ana olira, maso a anthu osawadziwa, zonsezi zimalanda tulo, ndipo wosagona BP yake siitsika.

Ife kuno sitifunika wotifotokozera. Namondwe wa Freddy atadutsa mu March 2023, anthu oposa 600,000 anasowa pokhala, ndipo ambiri anathithikana m'makalasi ku Blantyre, Mulanje, Phalombe, Chikwawa ndi Nsanje, kolera ali m'kati. Amene analowamo m'kalasi yosanduka msasa amadziwa mmene mayi amavutikira kusintha zovala, mnzake atamugwirira chitenje m'mwamba ngati khoma.

Chitenje chogwiridwa m'manja chimenechi ndiye ntchito imene katswiri wina wojambula mapulani a nyumba wa ku Tokyo, Shigeru Ban, wakhala akulimbana nayo kwa zaka zoposa 20. Ban ndi munthu wotchuka: mu 2014 analandira mphoto ya Pritzker, yomwe ndi yapamwamba kwambiri pantchito yawoyi, ndipo nyumba yosungiramo zaluso ya Centre Pompidou-Metz ku France ndi imodzi mwa ntchito zake. Koma mu 1995 anayambitsa bungwe la Voluntary Architects' Network, lomwe limasonkhanitsa akatswiri anzake ndi ophunzira a m'mayunivesite kukagwira ntchito yaulere kumene kwagwa tsoka. Chinthu chimene bungweli lachipanga kochuluka kuposa china chilichonse si nyumba ayi. Ndi katani.

Tangoganizani mpaipi wa katoni uja amakulungirapo nsalu m'sitolo. Mipaipi yonenepa inayi imaimikidwa ngati mizati, iliyonse itaboola chakumwamba. M'mabowomo amalowetsamo mipaipi yowonda kukhala mitanda. Pamitandapo amakolekapo nsalu n'kuimanga ndi mapini. Basi. Palibe msomali, palibe hamala, ndipo ophunzira ochepa amamaliza holo yonse tsiku lisanathe. Kachipinda kamodzi kamakhala mamita 2 mbali zonse. Banja lalikulu amalilumikizira tiwiri kapena titatu. Masana makatani amakankhidwira pambali kuti mpweya uziyenda komanso kuti anamwino aziona amene wadwala. Usiku amatsekedwa.

Ban anayamba kuyesa zimenezi pa chivomezi cha ku Niigata mu 2004, ndipo wakhala akusimba kuti oyang'anira misasa ankamubweza pakhomo, ati anthu savuta kuwayang'anira pakakhala popanda zotchinga. Maganizo amenewa sali ku Japan kokha. Komabe tsunami ya mu March 2011 itasesa gombe la kumpoto chakummawa kwa dzikolo, bungweli linaimika timazipinda toposa 1,800 m'misasa pafupifupi 50. Mu 2022 makatani omwewo anaikidwa m'golosale yakale ku Chełm ndi pasiteshoni ya sitima ku Wrocław, ku Poland, kulandira amayi ndi ana othawa nkhondo ku Ukraine.

Nanga n'chifukwa chiyani mapepala? Pepala limodzi ndi lofooka, koma mapepala ambiri akakulungidwa mozungulira, atamatidwa ndi guluu, amapanga mpaipi wolimba moti munthu akhoza kuimapo. Chinsinsi chake n'chofanana ndi cha nsungwi kapena bango. Mtengo ukamapindika, mbali imene imavutika ndi yakunja, pomwe pakati pake sipagwira ntchito yambiri. Choncho chinthu chamkati mwa mphako chimalimba kwambiri poyerekeza ndi kulemera kwake. Ndipo pa chivomezi kupepuka ndi moyo. Nthaka ikasuntha mwadzidzidzi, mphamvu imene imakankha nyumba imadalira kulemera kwa nyumbayo: yolemera imakankhidwa kwambiri, ndipo ikagwa imaphwanya. Za mvula, mipaipi amaipaka mankhwala oletsa madzi, amaifunditsa denga, ndipo saiimika padothi.

Nzeru yothandiza anthu ndi mipaipiyi inayambira pa tsoka lochititsidwa ndi anthu. Mu 1994 Ban anaona zithunzi za othawa kuphana kwa ku Rwanda akunjenjemera ndi chisanu m'timisasa ta mapepala a pulasitiki, ndipo ananyamuka kupita ku likulu la UNHCR ku Geneva. Kumeneko anapeza vuto lina. Bungweli linkapereka pulasitiki yekha, ndiye anthu ankadula mitengo kuti apeze mizati, nkhalango n'kumatha. Litayamba kupereka mipaipi ya aluminiyamu, anthu ankaigulitsa, popeza inali ndi mtengo pamsika, n'kubwereranso kukadula mitengo. Munthu wanjala sungamudzudzule. Mpaipi wa mapepala unali ndi mwayi wakuti palibe angaugule. Mu 1999 misasa 50 yotereyi inaimikidwa ku Gihembe, kumpoto kwa Rwanda, kuti aone ngati ingapirire.

Pakati pa zaka zimenezi panagwa chivomezi cha ku Kobe, pa 17 January 1995, chimene chinapha anthu oposa 6,000. M'dera la Nagata munali anthu ochokera ku Vietnam omwe ankagwira ntchito m'mafakitale a nsapato. Nyumba zongoyembekezera zimene boma linamanga zinali kutali ndi ntchito yawo, choncho anakhalabe m'mapaki, pansi pa mapepala a pulasitiki, mvula ikamagwa madzi akudutsa pogona. Ban ndi ophunzira ake anawamangira timanyumba ta mamita 4 mulitali ndi mulifupi momwe. Maziko ake anali makreti a mowa odzazidwa ndi matumba a mchenga, kuti pansi pakwere, madzi azidutsa kunsi. Makoma anali mipaipi yoimikidwa mothithikana, yonenepa masentimita pafupifupi 10, pakati pake atamatapo tepi yoletsa madzi. Denga linali la nsalu ya tenti. Makretiwo anapereka ndi kampani ya Kirin, ndipo Ban amakonda kuseketsa anthu kuti iwo ankayembekezera kuti abwera ndi mabotolo ake, koma anafika opanda kanthu.

Chondisangalatsa ine pa kanyumba kameneka n'chakuti sikanapite kwina kulikonse osasintha. Ku Turkey, kumene kumazizira koopsa, chivomezi cha 1999 chitadutsa, m'mipaipimo anadzazamo mapepala ong'ambang'amba kuti chisanu chisalowe. Ku Bhuj, m'dziko la India, mu 2001, makreti sanapezeke, ndiye maziko anawapanga ndi zigumuka za nyumba zomwe zinagwazo, denga n'kukhala la nsungwi ndi mphasa. Ku Chengdu, China, mu 2008, mipaipi inasanduka makalasi 9 a sukulu ya pulayimale ya Hualin. Ku Kobe komweko, tchalitchi cha Katolika cha Takatori chitapsa, anthu odzipereka anamanga holo ya mipaipi 58 m'masabata 5. Inkayenera kukhala yongoyembekezera, koma inagwira ntchito zaka 10, kenako inaphwasulidwa n'kutumizidwa ku mudzi wa Taomi ku Taiwan, womwe unawonongeka ndi chivomezi cha 1999. Anaiimikanso mu 2008.

Koma tisakokomeze. Misasa 50 ya ku Gihembe ija pakati pa anthu zikwi zambiri ndi dontho chabe, ndipo nyumba za mapepala zajambulidwa zithunzi zambiri kuposa chiwerengero chake. Ntchito yodzipereka imayenderanso thumba la opereka. Bungwe la Architecture for Humanity, lomwe Cameron Sinclair ndi Kate Stohr anayambitsa mu 1999 ndipo linagwira ntchito ku Haiti, ku Gulf Coast ya America ndi kwina, linatseka likulu lake mu January 2015 ndalama zitatha. Katswiri wochokera kunja amabwera, amamanga, amakwera ndege. Funso lovuta ndi lakuti nyumba ya nambala 51 amanga ndani.

Amene wayankha funsoli mokhutiritsa, mmene ndikuonera, ndi Yasmeen Lari, mayi woyamba kukhala katswiri wa mapulani a nyumba ku Pakistan. Poyamba anajambula zimphona za galasi ndi konkire ku Karachi, kuphatikizapo likulu la Pakistan State Oil. Anapuma mu 2000. Chivomezi cha ku Kashmir cha pa 8 October 2005, chimene chinapha anthu oposa 70,000, chinamubweza pantchito, koma ntchito yake inali itasintha. Kudzera m'bungwe la Heritage Foundation of Pakistan, lomwe anayambitsa ndi mwamuna wake mu 1980, iye amagwiritsa ntchito zinthu zitatu: dothi, laimu ndi nsungwi. Simenti ndi zitsulo amazipewa.

Aliyense amene anaonapo nyumba ya zidina ikugwa m'madzi osefukira amadziwa kuti imayambira pansi. Madzi amanyowetsa mizere yoyambirira, dothi limasungunuka, khoma n'kukhala pansi ngati ng'ombe yotopa, denga n'kutsatira. Yankho la Lari lili pawiri. Choyamba, nyumba imakhala pa chiunda chokwera, cha dothi losakaniza ndi laimu. Laimu akakumana ndi dongo amagwirana nalo n'kupanga chinthu chosasungunuka msanga, ndipo wopakidwa kunja amakoka mpweya wa kaboni n'kuuma pang'onopang'ono kubwerera ku mwala umene anachokera. Amalolanso chinyezi kutuluka m'khoma, pomwe pulasitala wa simenti pa khoma la dothi amachitsekera m'kati mpaka amadzamatuka yekha. Chachiwiri, denga silitsamira pa dothi. Limanyamulidwa ndi mafupa a nsungwi zomangidwa mopingasa, kotero kuti ngakhale dothi litakokoloka, nyumba imaimabe ndipo mwini wake amangomatanso.

Nyumba zake zambiri ndi za chipinda chimodzi, za ngodya 8, denga la udzu losongoka, zosatalikirana ndi nyumba zozungulira za makolo a m'chigawo cha Sindh, kapenanso za agogo athu. Mbali zake za nsungwi zimakonzedweratu, banja n'kuzilumikiza lokha. Madzi atasefukira mu 2010, bungwe lake linathandiza kumanga nyumba zikwi makumi angapo. Chigumula cha 2022 chitakhudza anthu 33 miliyoni, Lari, ali ndi zaka zoposa 80, ananena kuti akufuna nyumba miliyoni imodzi, osati zomangidwa ndi iye, koma ndi anthu ophunzitsidwa amene amaphunzitsa anzawo, mudzi ndi mudzi. Iye amatsutsa poyera thandizo longopatsa, ati limasandutsa anthu aluso kukhala opempha. Mu 2023 bungwe la RIBA, la akatswiri a mapulani a nyumba ku Britain, linamupatsa mendulo yake yagolide.

Ntchito yake yokhudza thanzi mwachindunji ndi mbaula. Kumidzi ya ku Sindh amayi ankaphikira pansi, pa moto wosatchinga, atawerama mu utsi, monga timachitira pamafuwa. Bungwe la WHO limati utsi wa m'nyumba umapha anthu pafupifupi 3 miliyoni pachaka, kudzera m'chibayo cha ana, matenda a mtima ndi a m'mapapo. Onjezanipo ana okwawira pamoto, zovala zogwira lawi, ndi fumbi logwera mumphika. Mbaula ya Lari imamangidwa ndi dothi ndi laimu pa nsanja yokwera. Ili ndi malo awiri ophikira: moto umayaka pa amodzi, kutentha kwake n'kudutsa kunsi kwa mphika wachiwiri kusanatulukire m'chumuni, choncho nkhuni zimalowa zochepa. Pofika 2018, pamene inalandira mphoto ya World Habitat Award, mbaula zotere zinali zitaposa 40,000, ndipo ambiri omanga anali amayi osaphunzira sukulu, omwe amalipiritsa kandalama kochepa pophunzitsa mnzawo.

Nsanjayo ndi yotakata moti mayi amakhalapo chokhala pophika, ana n'kudyera pomwepo, ziwiya zili poyera kutali ndi ziweto. Eni ake amaikongoletsa ndi maluwa oumba, mitundu yowala ndi timagalasi, iliyonse mosiyana ndi ya mnzake. Madzi akalowa m'bwalo, moto umayakabe pamwamba pake, ndipo banja limatha kuwiritsa madzi akumwa.