KODI CILANGO N'COBWEZERA KAPENA N'COKONZA MUNTHU?

KABWE: Kunja pang'ono kwa mzinda uno kuli ndende ya Mukobeko, kumene kumasungidwa akaidi a milandu yoopsa koposa m'Zambia. Ndi komweko kumene anthu oweruzidwa kuti aphedwe anali kunyongedwa. Kunyonga kotsiriza kunacitika mu January 1997, pamene amuna 8 anaphedwa m'nthawi ya ulamuliro wa a Frederick Chiluba.

Kodi boma limalangiranji munthu? Akatswiri a malamulo sagwirizana pa yankho limodzi. Ena amati cilango ndi kubwezera, ndiko kuti wolakwa alandire zoyenera nchito zake. Kubwezera kumeneku sikuli kulipsira, pakuti wogamula ndi woweruza, osati abale okwiya ai, ndiponso cilango ciyenera kulingana ndi kukula kwa mlandu. Wakuba nkhuku sangalangidwe monga wakupha munthu.

Ena amati cilango n'cocenjeza anthu ena kuti aope kulakwa, ndipo ena amati n'coteteza mudzi pakupatula munthu woopsa. Palinso amene amati nchito ya ndende ndi kuwongola munthu kuti abwerere kwao ali wosinthika. Makolo athu nawonso anali ndi njira yao: pabwalo la mfumu wolakwa pa milandu yambiri anali kulipira mbuzi kapena nkhuku, kuti wolakwiridwa apepesedwe ndipo cibale cisathe.

Mbiri ya Mukobeko ionetsa m'mene maganizo a boma asinthira. A Levy Mwanawasa anakana kusaina zikalata zonyongera anthu. Mu July 2015, a Edgar Lungu anafika pa ndendeyi nasintha cilango ca akaidi 332 kuti akhale m'ndende moyo wao wonse m'malo mophedwa. Mu 2016 cigawo coyang'anira ndende cinachedwa dzina latsopano la Zambia Correctional Service, losonyeza kuwongola. Pa 23 December 2022 a Hakainde Hichilema, amene iwonso anatsekeredwapo ku Mukobeko mu 2017, anasaina lamulo locotsa cilango ca imfa m'buku la milandu.

Alipo ofedwa amene aona ngati boma lawaiwala, ndipo cisoni cao sicingapeputsidwe. Koma otsutsa kunyonga amati khoti lingathe kulakwitsa. Womangidwa molakwika angamasulidwe, pamene wonyongedwa sabwerera. Komanso kubwezera sikunathe, cifukwa wakupha munthu angathe kukhala m'ndende kufikira imfa yake.

Awerengi athu m'midzi akumbukire kuti mlandu suola. Munthu akagwidwa, aperekedwe kwa apolisi, osamumenya kapena kumutenthera nyumba. Ndipo mkaidi akatsiriza cilango cake, mangawa ake alipidwa. Mudzi umlandire, kuti angabwerere ku zoipa cifukwa cosowa pogwira.