Kulimbitsa sasipenshoni ya pikiapu

Sasipenshoni ndi zida zimene zimalumikiza matayala ndi chasisi cha galimoto, makamaka masipuling'i ndi mashoko. Ntchito yake ndi kunyamula kulemera kwa galimoto, kuchepetsa kugwedezeka pa mabampu komanso kuthandiza kuti matayala azigwira msewu nthawi zonse. Kulimbitsa sasipenshoni ndi kusintha kapena kuwonjezera zidazi pa pikiapu imene imanyamula katundu wolemera kapena kukoka ngolo kawirikawiri.

Mmene imapangidwira

Mapikiapu ambiri, monga Toyota Hilux, Isuzu D-Max ndi Ford Ranger, ali ndi masipuling'i azitsulo zazitali zosanjikizana kumbuyo. Zitsulozi zimamangidwa pa ekiselo ndi mabawuti opindika ngati chilembo U. Kutsogolo kwa mapikiapu atsopano kumakhala masipuling'i opiringizika. Masipuling'i ndi amene amasenza katundu, pomwe mashoko amaletsa galimoto kudumphadumpha ikadutsa pa bampu.

Vuto la katundu wolemera

Pikiapu ikalemedwa kumbuyo imakhala pansi ndipo kutsogolo kumadzuka. Matayala akutsogolo akapepukidwa, chiwongolero sichigwira bwino, mabuleki amachedwa kuimitsa galimoto, ndipo usiku magetsi amaloza m'mwamba n'kumathobwa m'maso madalaivala ena. Zomwezi zimachitika pokoka ngolo, chifukwa gawo lina la kulemera kwa ngoloyo limatsamira pa chokokera chimene chili kumbuyo kwa ekiselo. Nthawi zambiri amalangiza kuti gawoli likhale pafupifupi 10 peresenti ya kulemera konse kwa ngolo. Likachepa kwambiri, ngolo imayamba kupita uku ndi uku galimoto ikathamanga.

Njira zolimbitsira

Njira yotchipa ndi kuwonjezera chitsulo chimodzi kapena ziwiri pa masipuling'i akumbuyo, kapena kuika ena okhuthala. Kumbuyo kumakwera, koma galimoto ikakhala yopanda katundu imagwedeza kwambiri okweramo.

Njira ina ndi masipuling'i othandizira, amene amayamba kugwira ntchito pokhapokha galimoto ikalemedwa. Palinso matumba a labala opoperamo mpweya, amene amaikidwa pakati pa ekiselo ndi chasisi. Mwini galimoto amawonjezera mpweya akanyamula katundu ndipo amauchepetsa akatsitsa. Makampani a Firestone ndi Air Lift a ku America amadziwika ndi matumbawa. Kuipa kwake n'kwakuti amakankha chasisi pamalo amodzi, ndipo akapopedwa kwambiri katundu atapitirira muyeso, chasisicho chimatha kupindika.

Mashoko akuluakulu, monga a Bilstein a ku Germany ndi Old Man Emu a ku Australia, amakhala ndi mafuta ambiri ndipo sachedwa kutaya kutentha, choncho safooka msanga pa msewu wafumbi wa mabampu. Iwo sanyamula katundu, n'chifukwa chake amaikidwa limodzi ndi masipuling'i oyenera. Kwa okoka ngolo zolemera, pali chokokera chokhala ndi zitsulo zimene zimabweza kulemera kwina ku matayala akutsogolo ndi a ngolo.

Malire

Kulimbitsa sasipenshoni sikuwonjezera mlingo wa katundu umene kampani yopanga galimoto inaika. Mlingo wa kulemera konse, wotchedwa GVM, umadaliranso mabuleki, matayala, ekiselo ndi chasisi, ndipo umalembedwa pa kachitsulo kapena kapepala komata pa galimotoyo. Mapikiapu ambiri a mtunduwu amaloledwa kunyamula pafupifupi tani imodzi, kuphatikizapo dalaivala ndi okwera. Tani imodzi ndi matumba 20 a chimanga kapena feteleza a makilogalamu 50, choncho pikiapu yonyamula matumba 30 yapitirira muyeso ngakhale itaoneka yowongoka. Ngozi yake ndi yakuti chizindikiro chochenjeza dalaivala, chomwe ndi kukhala pansi kwa galimoto, chimakhala chabisika. Pa kukoka, mapikiapu ambiri atsopano amaloledwa ngolo yofika makilogalamu 3,500 ngati ili ndi mabuleki ake, ndi makilogalamu 750 okha ngati ilibe.

Kasamalidwe

Mabawuti a U amafunika kumangidwanso galimoto ikayenda pang'ono zida zatsopano zitaikidwa. Mashoko ndi masipuling'i amasinthidwa mbali zonse ziwiri nthawi imodzi kuti galimoto isapendekeke. Katundu wolemera kwambiri ayenera kuikidwa pamwamba pa ekiselo kapena kutsogolo kwake, osati kumapeto kwa bodi.